Nyuzi Yokulungira Usipa

Ine ndine Kristina, wogulitsa usipa mumsika wa Bangwe, mzere wachitatu mukalowera chipata cha kumaminibasi. Amene anagulapo kwa ine akudziwa kuti pakamwa panga sipatsekeka. Koma ababa anga, a Laurenti, anakhala zaka zisanu ndi ziwiri akungoyankhula mawu atatu patsiku: "zikomo", "ndakhuta" ndi "tseka chitseko". Anthu ankati mawu onse a pabanja pathu ndinatenga ndine. Anthuwo ankaseka, ine sindinkaseka nawo.

Ababa sanabadwe choncho ayi. Kale anali munthu wa nthabwala, wokonza mawailesi pakhonde la golosale ina pafupi ndi siteji. Anali ndi lamulo lawo limodzi pantchito: chinthu akachikonza, sachipereka kwa mwini wake osachiyesa iye ali pomwepo. Mwatsoka, lamulo limeneli ndi lomwe linawapweteka.

Munali mu 1987, chaka chimene kwathu tinadya madeya mpaka kuzolowera. Kunabwera a Hawkins, tcheyamani wa nthambi ya chipani m'dera lathu, mnzawo wa ababa wosewera naye bawo, kudzatenga wailesi yawo. Ababa anaitsegula kuti aiyese, ndiye inapezeka kuti ndi nthawi ya nkhani. Woulutsa uja, ndi mawu okoma bwino, akuti m'dziko muno mulibe njala, aliyense akugona atakhuta. Ababa anaseka, n'kunena kuti, "Achimwene, wailesi yanu ndakonza, koma bodza lili m'katimu lokha ndalephera."

Basi. Mawu ake ndi amenewo. Patatha masiku atatu kunabwera galimoto yopanda nambala, dzuwa likuswa mtengo, n'kuwatenga ali ndi sikuludilaiva m'manja.

Koma chimene chinandiwawa ine si ndendeyo yokha. Tsiku lotsatira a Hawkins anabwera ndi anyamata a chipani, natenga mawailesi onse a makasitomala amene anali pashelefu, ati umboni. Kenako anayamba kuuza anthu kuti Laurenti wamangidwa chifukwa ankagulitsa mawailesi a eni ake kumalire a Mozambiki. Anthu anakhulupirira. Ena mwina sanakhulupirire, koma nthawi imeneyo kukayikira tcheyamani kunali kudziputira. Ine kusukulu dzina langa linasanduka "mwana wa wakuba mawailesi". Amayi anamwalira ababa asanatuluke, dzina limenelo likadali pakhomo pathu.

Anatuluka mu 1992, mano atatu akutsogolo palibe. Anakhomanso kachikwangwani kawo pachipata cha kwathu. Palibe anabweretsa wailesi, ngakhale mmodzi. Ndiye ankangokhala kuseri kwa nyumba ndi chinthu china chimene anatola kudzala la tchalitchi, chilipenga chachitsulo chadzimbiri, mawaya ndi tizitsulo tina. Tsiku ndi tsiku, kumasula, kumanga, kumasulanso. Ine ndinkawakalipira, Mulungu andikhululukire. "Ababa, chinyalala chanuchi chikusunga makoswe!" Iwo phee.

Matipate atabwera, aliyense anatsegula pakamwa. Iii, nyuzi zinachuluka m'tauni muno, sabata iliyonse yatsopano, ina yotukwana nduna, ina yotukwana nyuzi inzake. M'minibasi kondakitala ankatha kunyoza boma kuchokera ku Limbe mpaka ku Bangwe osapuma. Ufulu wolankhula unafika kwa aliyense, kupatula pakhomo pathu. Nanga a Hawkins? Anavula malaya a chipani chakale Lachisanu, Lolemba anali atavala a chipani chatsopano, ndipo anawakwana bwino kwabasi. Pofika 1999 anali ndi maminibasi anayi, botolositolo ndi mimba yake. Tsono anafuna uphungu. Chisankho cha chipulula, chija anthu amaima pamzere kumbuyo kwa munthu amene akumufuna, chinaikidwa Loweruka lina pabwalo la mpira la sukulu.

Panali mtsikana wina, Patience, mtolankhani wa kanyuzi ka pasabata kotchedwa Belu. Ankagula usipa kwa ine, ndipo mukudziwa kale kuti ine sindigulitsa nsomba yopanda nkhani. Tsiku lina ndinamuuza zonse. Anabwera kwathu koyamba, ababa anangomupatsa moni. Kachiwiri anamupatsa mpando. Kachitatu, sindikudziwa chimene chinawalowa, anayankhula maola awiri athunthu. Ine ndinali kukhitchini ndikulira ngati mwana, chifukwa zina zimene ananenazo sindinazimvepo chibadwire.

"Ituluka Lachiwiri, tsamba lachitatu, m'Chichewa, ndi chithunzi chomwe," anatero Patience. "Anthu akhala ataiwerenga Loweruka lisanafike."

Lachiwiri m'mawa ndinasiya benchi langa ndi mnzanga n'kukwera minibasi kupita ku Limbe. Kwa wogulitsa nyuzi woyamba, Belu palibe. Wachiwiri, palibe. Wachitatu anandiyang'ana n'kuseka.

"Asisi, mwachedwa. Yatha isanamasulidwe n'komwe. Kunabwera pikapu, yagula mitolo yonse."

"Yonse bwanji? Munthu mmodzi awerenga nyuzi zonsezo, ali ndi maso angati?"

"Ine ndi wogulitsa, asisi. Akuti n'chimodzimodzi ku Ndirande, ku Chitawira, konse."

Pikapu imeneyo ndinaidziwa ine osaiona. Masiku akale munthu ankamangidwa kuti asayankhule. Masiku atsopano ankamulola kuyankhula, kenako n'kugula mawu akewo onse, kukawatsekera m'chipinda. Ndinathamangira kuofesi ya Belu, kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo ya nsalu. Patience maso ali ofiira. Anati makina osindikizira ndi a eni ake, malo awo ena ndi sabata yamawa, chisankho chitapita.

Pobwerera ndinapeza ababa atakhala pakhonde, atavala jekete yawo ya kutchalitchi ndi magalasi owerengera. Anayang'ana manja anga. Ndinawauza. Kenako anavula jekete ija, naipinda bwinobwino.

"Ndinadziwa," anatero, n'kubwerera kuseri ku chilipenga chawo.

Abale inu, ndinapsa mtima tsiku limenelo. Lachitatu anyamata a Hawkins anabwera dala pabenchi langa, atatu, akutafuna nzimbe n'kumalavulira pafupi ndi nsomba zanga. "Mayi a nyuzi, nkhani zili bwanji lero? Tatiwerengereni tsamba lachitatu!" Ankafuna ndimenye mmodzi kuti ndikagone kupolisi. Dzanja linafika ndithu pa mbale yoyezera, koma ndinaluma mlomo. Kwa ine kuluma mlomo ndi ntchito yaikulu, funsani aliyense.

Tsopano mumve za a Shamsa. Mumsika mwathu nthawi imeneyo jumbo inali ya mabwana. Usipa, mchere, mandasi, mtedza, nyama, zonse tinkakulunga m'pepala, ndipo pepala tonse tinkaligula kwa a Shamsa, mayi wamasiye wa ku Mpingwe amene ankakhala pakona ya msika ndi chimpeni chake. Lachinayi lililonse ankazungulira ndi wilibala m'nyumba za anthu opeza bwino, kutolera nyuzi zakale, makope otha ndi mapepala a mayeso. Akafika nazo ankazidula panayi panayi. Ine ndi iwo tinkangopatsana moni wa malonda. Sankandiseka, sankachezanso nane.

Lachinayi masana anatumiza mawu kuti ndipite. Ndinawapeza atakhala pa chinthu chofunditsidwa chiguduli.

"Achemwali, khalani pansi," anatero.

Anachotsa chiguduli chija. Mitolo! Mitolo yokhayokha, yomangidwa ndi chingwe cha kosindikiza, inki ikununkhabe. Pamwamba pake, Belu.

"Mayi wanga ine! Mwazitenga kuti?"

"Kwa akazi awo a Hawkins. Ndi kasitomala wanga wa Lachinayi kuyambira kale. Akuti bambo anaunjika zimenezi m'sitolo ya chimanga, n'kunena kuti adzaziwotcha akapeza nthawi. Mayi aja akuti, kuwotcha pepala? Pepala labwinobwino? Ndipo akufuna malo oika matumba. Ndapita maulendo anayi ndi wilibala."

Ndinaseka mpaka kugwira nthiti. A Hawkins anaganiza zonse, anatseka misewu yonse kuchokera ku Ndirande mpaka kuno, koma anaiwala kuuza akazi awo chimene chili m'nyuzimo, poti bambo amene uja kunyumba sauza munthu kanthu. Anaiwalanso kuti ku Bangwe pepala silitayidwa.

Koma a Shamsa sanaseke. Anatsegula nyuzi imodzi patsamba lachitatu. Apo ababa, ndi mano awo osakwana, akuyang'ana molunjika.

"Ndawerenga kawiri," anatero. "Wailesi ya malemu amuna anga, a Yusuph, inali pashelefu paja. Anabwera nayo kuchokera ku Joni. Anamwalira akunena kuti Laurenti anawabera. Ine zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuwatukwana mumtima bambo anu, ndipo inu nomwe ndinkakuonani ngati mbewu ya wakuba. Ndikuchita manyazi, achemwali."

Ndinangowagwira dzanja.

"Ndiye titani?" ndinafunsa. "Tikaima pamsewu n'kumagawa, anyamata aja alanda zonse ola lisanathe."

A Shamsa anatenga chimpeni chawo, nadula chingwe cha mtolo woyamba.

"Ndani wanena zogawa? Ine ndimagulitsa pepala lokulungira. Lero lokha sindidula panayi."

Tinakhala pansi awiri, kusolola tsamba lachitatu m'nyuzi iliyonse, lathunthu. A Shamsa ankadandaula chapansipansi kuti pepala lokwana makasitomala anayi likupita kwa mmodzi, kuwononga kotani kumeneku, koma manja awo sanaime. Kenako anazungulira mizere yonse. Kwa aliyense mawu anali amodzi: "Chithunzi chikhale kunja." A mchere anatenga, a mtedza anatenga, a nyemba, a matemba, a makala a m'timapepala. A mandasi tinawauza kuti aziyamba ayala tsamba la zamasewera m'kati, chifukwa mafuta amafufuta zilembo. Wabutchala tinamukaniza, magazi pankhope ya ababa ayi.

Mayi woyamba kugula kwa ine madzulo amenewo anatenga kaphukusi kake, n'kuyenda masitepe atatu, n'kuima. Anakatembenuza. Anayang'ana chithunzi, nayang'ana ine.

"Awa si bambo anu awa?"

"Ndi omwewo. Kawerengeni kunyumba, usipa musaiwale kutsuka."

Pofika Lachisanu m'mawa Bangwe yense ankanunkha usipa ndi nkhani. Pampope amayi anaiwala ndowa zikusefukira, mmodzi akuwerengera anzake mokweza. Kometera tsitsi anaikhoma pagalasi. M'minibasi ya a Hawkins yomwe, kondakitala anaiwerenga kuchokera pamsika mpaka pa njanji, dalaivala akungoti "shuwa?" Mawa lake lisanafike, mapepala ena anali atakwera kale kupita ku Machinjiri ndi ku Zingwangwa m'zikwama za anthu obwera kudzapikula.

Cha m'ma teni anyamata a Hawkins aja anafika, thukuta lili kamukamu. Poyamba anayesa njira ya bwana wawo, kugula. Ha! Anagula usipa wanga wonse, wa mnzanga, mchere wa mzere wonse, ife tikungokulunga, "Zikomo bwana, mubwerenso." Akachoka, a Shamsa ankatulutsa mtolo wina pansi pa benchi la tomato. Atazindikira kuti akutilemeretsa, mmodzi anatsomphola kaphukusi m'manja mwa agogo ena ogula mtedza, mtedza uja n'kumwazikira m'matope. Pamenepo ndiye analakwitsa. Pepala akanatha kulanda, koma kutaya chakudya cha munthu mumsika? Amayi onse anadzuka, mabeseni akulira, mkuwo mpaka kumsewu. Anyamata aja anatulukira chipata cha kuzimbudzi, mmodzi atasiya silipasi.

Ine ndinati tapambana. Ndinafulumira.

Madzulo a tsiku lomwelo pikapu ija inayamba kuzungulira m'makwalala, chimkuzamawu pamwamba, a Hawkins eni ake atagwira maiki.

"Abale anga a ku Bangwe! Pepala mwawerengalo ndi bodza la adani a chitukuko! Laurenti tonse tikumudziwa, mutu wake sukuyenda bwino, ndi wodwala, tizimumvera chisoni. Munthu wosatha kuyankha moni angayankhule tsamba lonse? Ndani wa inu anamumvapo akuyankhula? Ngati ndi zoona, abwere mawa pabwalo, anene yekha!"

Mdyerekezi uja ankadziwa pomenya. Ndinaona ndi maso anga anthu akuyang'anizana, ena akugwedeza mitu. Ndinamva mayi wina amene m'mawa ankalira ndi nkhaniyo akuti, "Komatu zoona, bambo aja sayankhula. Mwina mtsikana wa nyuziyo anangopeka." Nyuzi za masiku amenewo zinali zitanama kambiri, ndiye munthu ukanamuimba mlandu wanji?

Pikapu inadutsanso pakhomo pathu penipeni, kawiri, pang'onopang'ono. Ababa anali kuseri. Ndinawapeza akupukuta waya ndi kansalu.

"Mwamva, ababa? Akuti ndinu wamisala! Akuti mukanene nokha! Mungokhala?"

Phee.

"Ndiye ine ndavutikiranji? A Shamsa avutikiranji? Mufa ndi dzina la wakuba, ine ndidzakwatiwa nalo, ana anga adzabadwa nalo!"

Ndinanena mawu owawa, ndikuvomera. Iwo anangopitiriza kupukuta waya wawo. Ndinalowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko.

Loweruka m'mawa ndikutsuka m'maso, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Kristina. Kabwereke wilibala kwa a Shamsa. Udutsenso kugalaja kwa a Albert, uwauze andibwereke batire la galimoto."

Ndinatembenuka. Jekete ya kutchalitchi ili pathupi.

Pabwalo la sukulu panali anthu osayamba. Opikisana anali awiri, a Hawkins ndi mphunzitsi wina wopuma ntchito amene analibe ngakhale njinga. A Hawkins anali pansanja, maiki m'manja, akulonjeza mijigo ndi milatho, ngakhale kumene kulibe mtsinje. Ife tinalowera cha kugolo ya kumunsi, ababa akukankha wilibala, chilipenga chadzimbiri chija chili gadaa pamwamba, ine pambuyo nditasenza batire pamutu. Anthu anayamba kuseka. A Hawkins anationa.

"Si uyo! Mwaona nokha, abale? Wabwera ndi zinyalala zake. Mpatseni njira, ndi wodwala!"

Ababa sanapite kunsanja kukapempha maiki ya munthu. Anamangirira chilipenga chija pamtengo wa golo ndi lamba wa thalauza lawo. Analumikiza mawaya ku batire, wofiira uku, wakuda uku. Anatulutsa m'thumba la jekete kamaiki kokulungidwa ndi tepi. Chilipenga chija chinalira tswiii, mpaka ana anatseka makutu, ndipo a Hawkins anadukiza mawu pakati.

Kenako zii. Ababa ataima, kamaiki kali pakamwa. Milomo ikuyenda koma mawu osatuluka. Ndinaona akuyang'ana kumsewu, kumene kunaima magalimoto, ndipo ndinadziwa chimene akuyang'ana. Wina anaseka. Mnyamata wa a Hawkins anakuwa, "Wamisala!"

Ndinasendera pafupi. Sindikudziwa amene anandipatsa nzeru imeneyo, poti ine nzeru zanga zimathera kukalipa.

"Ababa," ndinanong'ona, "mwachikonza chinthuchi. Simunachiyese."

Anandiyang'ana. Anagogoda kamaiki kaja ndi chala, kawiri.

"Wani, thu. Wani, thu."

Mawu anamveka mpaka kuseri kwa makalasi, okulirapo kuposa a pansanja. Anthu anaseka, koma kuseka kwake kunali kwina tsopano.

"Chikugwira," anatero ababa. "Dzina langa ndine Laurenti, wokonza mawailesi. Sindinabepo wailesi ya munthu. Sabata imene ananditenga, ndinali ndi mawailesi a makasitomala khumi ndi anayi. Kundende ndinkawatchula m'mawa uliwonse kuti mutu usasokonekere. Ndiwatchulanso lero."

Anakweza chala chimodzi.

"Ya a Yusuph a ku Mpingwe. Yofiira, chogwirira chachikopa, yochokera ku Joni. Inkalira mbali imodzi. Ndinali nditaimaliza, inkangodikira mwini wake."

"Ndi yomweyo!" Anali a Shamsa, ataimirira pakati pa gulu, mpango utagwera paphewa. "Yofiira! Ndi yomweyo!"

"Ya a Gift, telala wa pasiteji. Yakuda, mlongoti wothyoka, anamangirira ndi waya wa njinga."

"Eee! Yanga imeneyo!" Mdala wina anaponya chipewa m'mwamba.

"Ya mayi Betty a kumpope. Inagwera m'phala."

Bwalo lonse linaphulika. Mayi Betty, okalamba tsopano, ankangoti, "Anali mwana, anali mwana anaigwetsa!" uku akupukuta misozi.

Anapitiriza, imodzi imodzi, mtundu wake, vuto lake, mwini wake. Pena ankayankha mwini wake, pena mwana wa malemu. Pansanja a Hawkins ankakuwa mu maiki yawo kuti nthawi yatha, tiyambe chisankho, koma ndani ankawamva? Anyamata awiri anathamangira kugolo kuti akazule mawaya. Anapeza amayi a mumsika atazungulira kale batire lija, mikono ili m'chiuno, ine patsogolo. Anabwerera okha.

"Yakhumi ndi chinayi sinali pashelefu," anatero ababa, mawu atakhazikika tsopano ngati kale. "Inali itapita ndi mwini wake masiku atatu m'mbuyomo. Ya a Hawkins. Enawo khumi ndi atatu, amene anabwera kudzawatenga ndi a Hawkins omwewo, ine ndili m'maunyolo. Afunseni kumene anawapititsa. Ine mlandu wanga unali umodzi. Nditakonza wailesi yawo, inanena kuti kuno kulibe njala, ife tikudya madeya. Ndiye ndinawauza mawu awa."

Anatembenuka, nayang'ana kunsanja.

"Achimwene, wailesi yanu ndakonza, koma bodza lili m'katimu lokha ndalephera."

Abale, phokoso limene linabuka pamenepo sindinalimveponso. Nthungululu, malikhweru, ena kugubuduka pansi ndi kuseka, ena kulira. Mawu amene anadyera munthu zaka zisanu ndi mano atatu, ana a sukulu ankawabwereza mokuwa pabwalo, masana, apolisi awiri ataima poteropo, mmodzi akubisa kuseka ndi chipewa. Ine ndinavina. Ndinavina ndi batire pambali, chitenje chikumasuka, osasamala.

Nthawi yoima pamzere itakwana, kumbuyo kwa a Hawkins kunaima madalaivala awo, makondakitala, anyamata aja ndi akazi awo, amene nkhope yawo inkaoneka kuti mpaka pano sakumvetsa chimene analakwa. Mzere wa aphunzitsi aja unazungulira bwalo mpaka kukatulukira pachipata. Ngati anadzakhala phungu wabwino kapena ayi, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ndili nayo mawu ambiri. Ine tsiku limenelo sindinapite kukasankha munthu.

Lolemba m'mawa kunamveka odi pachipata. A Shamsa, atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje.

"Ndi ya mwana wanga," anatero. "Yangoti zii kuyambira Khirisimasi. A Laurenti alipo?"

Kumbuyo kwawo kunali a Gift atelala ndi yawo kukhwapa, ndi anthu ena anayi amene sindinkawadziwa n'komwe. Ababa anatulutsa tebulo pakhonde, nayala zida zawo. Ya a Shamsa sinawatengere nthawi, kanali kawaya kamodzi kokha. Anaitseka, naipukuta, ndipo mwa lamulo lawo lija anaitsegula mwini wake ali pomwepo.

Mwatsoka lomwe lija, inali nthawi ya nkhani. Woulutsa wa boma latsopano, ndi mawu okoma bwino, akuti umphawi m'dziko muno watsala pang'ono kutheratu.

Tonse pakhonde paja tinatembenuzira maso kwa ababa. Iwo anamvetsera mpaka chiganizo chithe, mutu utapendekeka. Kenako anapereka wailesi ija kwa a Shamsa ndi manja awiri.

"Mayi, yanunso ili ndi vuto lomwe lija," anatero mokweza, anthu odutsa mumsewu akumva. "Limenelo mpaka lero sipeya yake sinabwere."

Tinaseka mpaka a Gift anakhala pansi. Koma ndisaname, ine ndinawerenga masiku. Lachiwiri, Lachitatu. Lachinayi sindinapite kumsika, ndinakhala pachipata tsiku lonse, galimoto iliyonse ikamveka mtima uli m'mwamba. Ababa anali pakhonde, akuimba mluzu, akukangana ndi kasitomala za mpira.

Galimoto sinabwere. Kunangobwera mawailesi ena asanu ndi awiri.